Alamu Anapempha Chitengwa Mochedwa

Alamu anga, amuna a mlongo wanga, anali osankha fodya. Kwawo kunali ku Nyasalande, mudzi wina kuseri kwa Fort Manning, ulendo wa tsiku limodzi pa njinga kuchokera ku Fort Jameson, tauni imene lero timati Chipata. Ntchitoyo anaiphunzira pa esiteti ina kwawoko. Kuno sanadzibweretse okha: mzungu wina wa famu anachita kukawatenga pa lole pamodzi ndi anzawo angapo, chifukwa anthu odziwa kusiyanitsa masamba a fodya wa fuluu, uja wowotcha m'mabalani, anali osowa m'dera lathu. Pamene chitaganya chinkayamba, kumanga Nyasalande ndi ma Rodeshiya awiri mtolo umodzi, iwo anali atakwatira kale kwathu ku Chiparamba.

Ine ndinali kalaliki pa shedi yomweyo imene ankagwirako, kumbali kwa tauni, kumene alimi achizungu ankabweretsa fodya wawo kuti asankhidwe ndi kudindidwa m'mabelo. Ntchito yanga inali kulemba mapepala omata pa mabelo ndi kutayipa makalata a bwana. Pambali pake ndinkatumiza tinkhani ku nyuzipepala ina ya ku Lusaka.

Shediyo inali ndi mawindo mbali imodzi yokha, ya kummwera, kuti dzuwa lisawombe pa tsamba, pakuti dzuwa limanamiza mtundu. Kukachita mitambo yakuda ntchito inkaima. Fodya ankayamba amufewetsa ndi nthunzi kuti asafumbutuke m'manja. Alamu ankaima pa tebulo loyamba. Ankatola tsamba, kulitambasula ndi zala zazikulu ziwiri, kuliponya pa mulu wake, uku dzanja lina lafika kale pa tsamba lotsatira. Panali mulu wa tsamba la mtundu wa ndimu, wa lalanje, wa lofiirira, wa lobiriwira, wa lamaanga, ndipo mtundu uliwonse ankaugawanso: la m'munsi mwa mtengo, la pakati, la kunsonga. Kwa ine ambiri mwa masambawo anali ofanana. Iwo ankati maso amangoyamba, zala ndizo zimamaliza. Sankasuta, ndipo nyengo yonse yosankha sopo wonunkhira sankamukhudza, chifukwa fodya amatenga fungo la chilichonse.

Pakati pathu panali chilamu chenicheni, chonyozana.

"Alamu," ankanditero akaona pepala langa pa belo, "apa mwalemba lalanje. Mwaona ndi maso kapena mwalota?"

"Ndalemba zimene munandiuza."

"Ndinakuuzani dzulo, za belo la dzulo. Makalaliki a kuno sukulu yake munkalowera pa windo."

"Inu Anyasa mumadziwa zonse, koma mkazi munadzapempha kuno."

"Ndinachita kumumvera chisoni. Achimwene ake ankatha chakudya chonse pakhomo."

Mwamuna aliyense wachikuda masiku amenewo ankayenda ndi chitupa. Pa chitupapo pankalembedwa dzina, mudzi, mfumu ndi boma la kwanu, ndipo wokulembani ntchito ankasainapo. Cha alamu chinkakhala m'kachitini kafulati m'thumba la malaya, ndipo pa mzere wa kwawo panali Nyasalande. Zaka zimene fodya ankayenda malonda, mzere umenewo palibe ankauwerenga.

Ife kwathu ndife Achewa, ndipo ukwati wathu ndi wa chikamwini. Mwamuna amadzamanga kwa mkazi, amalimira apongozi ake, ndipo ana amene abadwa ndi a mbumba ya mkaziyo. Wowayang'anira ndi malume awo. Angoni oyandikana nafe amalowola ndi ng'ombe, ana nakhala a bambo; alamu akanakwatira kutsidya kwa dambo, nkhani ino sikanakhalapo. Mkamwini amene wakhala bwino ndi eni mudzi amatha kupempha chitengwa, kuti atenge mkazi wake apite naye kwawo. Ambiri ankapempha mwana woyamba akangoyamba kuyenda. Alamu sanapemphe. Ntchito inali kuno, nyumba ya njerwa zosawotcha anaimanga okha kuseri kwa ya amayi, ndipo Loweruka lililonse masana ankapalasa njinga kuchoka ku komboni ya shedi kupita ku Chiparamba, atamangirira mchere ndi parafini pa kaliyala. Akafunsidwa ankati, "Ndipite kuti? Kwathu ndi kuno."

Anali ndi ana atatu: mtsikana, mnyamata, ndi wakhanda wobadwa mochedwa. Mlongo wanga anali mwana wamkazi yekhayo wa amayi. Amalume athu atamwalira, mwini mbumba ndinakhala ine, ndisanafune.

Cha kumapeto kwa chitaganya fodya wa ku Fort Jameson analowa pansi. Ogula ankamupatsa mtengo wotsika, azungu anayamba kugulitsa mafamu mmodzimmodzi, mabalani owotchera fodya natsala akudontha. Nyengo yosankha inafupika. Nthawi yomweyo anthu athu ankabwerera kuchokera ku migodi ndi ku Halale ntchito zitawathera, ndipo m'mawa uliwonse unkawapeza atakhala pansi pa mitengo pafupi ndi maofesi a boma, zitupa zili m'manja. Pamene panali njala ya ntchito, anthu anayamba kuwerengana. Kapitawo wa pa garaja, Mnyasa. Kalipentala wa ku mishoni, Mnyasa. Wotayipa ku khoti, telala wa pa khonde la Mmwenye, onse Anyasa. Zinali zoona ndithu kuti ambiri mwa amisiri anali ochokera kumeneko, chifukwa sukulu za mishoni zinayamba kale kwawo. Zimene anthu sankanena ndi zoti amisiriwo anachita kuitanidwa.

Kunachitika msonkhano mu holo ya ku komboni, Lamlungu masana. Anagwirizana zolembera mabwana onse a m'tauni kalata yopempha kuti ntchito zikachepa, oyamba kusungidwa akhale ana a dziko lino. Wodziwa kutayipa ndi kukonza Chingerezi pagulupo ndinali ine. Sindinganame kuti alamu sanandibwerere m'mutu. Ananditulukira ndithu ndili pakati potayipa. Koma ndinati bwana sangachotse munthu amene shedi yonse ikudalira zala zake, ndipo ndinapitiriza mpaka kumapeto.

Bwana wa shediyo kalata ija inamufikira ngati mphatso. Osankha fodya a ku Nyasalande ndiwo ankalandira malipiro okwera, ndipo tsopano anali ndi chifukwa chowachotsera popanda womunena. Lolemba lina anaitanitsa zitupa za onse, nakhala pa tebulo lake, nayamba kuziika milu iwiri. Sanayang'ane dzina kapena zaka zimene munthu wagwira. Ankangoyang'ana mzere umodzi uja. Bwanayo anauza alamu kuti atsale mpaka nyengo ithe, aphunzitse anthu awiri a kuno, kenako apereke kiyi wa nyumba ya ku komboni, pakuti nyumba zimenezo zinkayendera limodzi ndi ntchito.

Alamu anawaphunzitsa bwino lomwe, osabisa kanthu. Ndinkawamva akuti, "Usayang'anitsitse, ukayang'anitsitsa tsamba limasintha. Gwira. Wamva mafuta akewo? Limeneli ndi la pakati." Nyengo itatha, ine ndinawalembera pa chitupa tsiku losiyira ntchito, bwana nasaina.

Alamu anabwerera ku Chiparamba nagwira khasu dzinja lathunthu. Kulima ankadziwa, koma mkamwini wobwera ndi mchere Loweruka ndi wina, mkamwini wokhala pakhomo sabata yonse ndi winanso. Anthu amene kale ankawapatsa mpando anayamba kuwatuma. Amayi, amene mwa mwambo sankayankhulana nawo maso ndi maso, ankayankhulira nkhuku zawo mokweza: "Tambala uyu amangodya, kulira analeka." Alamu ankamva. Tsiku lina anandionetsa zikhatho zawo, zitang'ambika ndi kuuma ngati chikopa cha ng'oma.

"Dzinja lina limodzi, alamu, ndiye kuti zala izi zaiwala. Ndikagwira tsamba ndizidzamva ngati ndagwira nsalu."

Chimanga chitayamba kuuma, kalata inawapeza. Mnzawo wina amene anachotsedwa nawo limodzi anali atapeza malo pa esiteti ina cha ku Kasungu, ndipo kumeneko ankafuna wosankha fodya wamkulu, nyumba ilipo. Mphekesera inali ponseponse yoti chitaganya chikutha, ndi kuti chikatha malire a pa Mwami, amene tinkangodutsa ngati podutsa ngalande, adzakhala malire enieni. Apa m'pamene alamu anapempha chitengwa, patatha zaka zonse zija.

Anachita zonse mwa dongosolo. Anatuma ankhoswe awo, kalipentala wa ku mishoni uja, amenenso anali m'masiku ake omaliza pa ntchito. Anabwera Lamlungu titaweruka ku tchalitchi, atanyamula nkhuku yoyera ndi khasu latsopano. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Amayi anakhala kuseri kwa nkhokwe, atatifulatira, pamalo poti mawu awo amveke koma nkhope isaoneke. Mlongo wanga anakhala pa mphasa pambali, wakhanda ali pa bere.

Ankhoswe anafotokoza mwaulemu. Munthuyu wakhala nanu nthawi yaitali, sanamenyepo mkazi, denga la apongozi amafolera chaka ndi chaka. Lero ntchito yamuthera, kwina yamuitana. Akupempha moto wake apite nawo.

Amayi anayankha osatembenuka. "Auzeni kuti mkazi atenge. Ana ayi."

"Amayi, ana opanda mayi awo akhala bwanji?" anatero ankhoswe.

"Ine ndine mtengo? Amayi awowo anawalera ndani? Afunseni ngati anabwera ndi mwana pa lole paja."

Mawu a amayi anali owawa, koma sanali opanda pake, ndipo aliyense pamenepo ankadziwa. Nthaka yabwino ya dera lathu inali m'mafamu, ife tinapanikizidwa m'malo ochepa a miyala. Munda ndi dimba la pa dambo zinali zathu chifukwa panali anthu ozilima. Banja likachepa, oyandikana nalo ankayamba kusuntha malire mzere umodzi chaka chilichonse, ndipo pomaliza mundawo unkagawidwa kwa ena. Ana anga ine anali a kwa mkazi wanga. Mlongo wanga akanapita ndi ana onse atatu, mbumba ya amayi ikanathera pa iwo okha.

Onse anatembenukira kwa ine. Ndinapempha sabata imodzi.

Mkati mwa sabatayo alamu anandipeza m'tauni pa nthawi ya nkhomaliro. Tinakhala pa mabelo opanda kanthu kuseri kwa shedi, iwo atatsamiritsa njinga pa khoma. Kulowa mkati sanafune.

"Kalata ija munaitayipa bwino," anatero. "Ndinaiona pa tebulo la bwana. Mizere yowongoka."

Ndinati sindinkadziwa kuti idzafika pa iwo.

"Mumadziwa pang'ono. Musavutike, sindinabwerere zimenezo. Mukanakana inu akanatayipa wina, mokhotakhota." Anaseka pang'ono. "Inenso kwathu ndine malume. Mlongo wanga amuna ake anafuna kupita ndi ana ku Limbe, ine ndinakana, pa kalata, ndili konkuno. Ndiye mwambowu ndimaudziwa, sindikuti ndi wachilendo. Koma tandiuzani, alamu. Bwana wati zala zanga wathana nazo, ndizipita. Mudzi wati ana wapeza, wathana nane, ndizipita. Nanga chimene ndinadzachita kuno n'chiyani?"

Ndinawauza za munda, za amayi, za sukulu ya mtsikana imene inali itatsala zaka ziwiri.

"Sukulu ku Nyasalande ziliko. Si paja mumati n'chifukwa chake tinakulandani ntchito?"

"Mukakhazikika tidzaonanso."

"Tidzaonanso," anabwereza, akuchotsa kachitsotso pa buluku. "Bwana nayenso anatero."

Mlongo wanga ndiye sanandisekerere. Loweruka ndinamupeza pa dimba akuthirira mpiru, ndipo sanaweramuke.

"Achimwene, mwabwera kudzandigawa?"

"Ndabwera kudzamva maganizo ako."

"Maganizo anga mukuwafuna lero? Pa mango paja munandifunsa? Mukundigawa ngati mbuzi ya pamaliro, mwendo uku, chiwindi uko. Ndikatsala, ndine mkazi wopanda mwamuna mwamunayo ali moyo. Ndikapita, ana anga azikadya pakhomo pa akazi anu."

"Azikhala ndi amayi."

"Amayi amene madzi akuchita kutungiridwa? Mtsikana wangayo ndiye mukumufuna, kuti azisinja. Nenani zoona."

Zinali zoona. Ndinamufunsa chimene iye akanachita akanakhala ine. Anathira madzi otsala mu ndowa pa bedi lomaliza, nati, "Ine sindinatayipe kalata."

Lamlungu lotsatira ndinagamula motere: mkazi apite ndi amuna ake pamodzi ndi wakhanda, pakuti woyamwa salekanitsidwa ndi bere, ana awiri akuluwo atsale mpaka mtsikana amalize sukulu, pamenepo tidzakhalenso pansi. Ndinkaganiza kuti ndapatsa aliyense kanthu. Amayi anang'ung'udza kuti wakhandayo ndi wamkazi, ndiye ndataya mbewu. Ankhoswe anawomba m'manja mwa mwambo, mopanda mphamvu. Alamu anati, "Zikomo, tamva," nasiya nkhuku ndi khasu pomwepo.

Ananyamuka chimanga chitalowa m'nkhokwe. Katundu wawo anali bokosi lamatabwa, mphasa ziwiri, mapoto, ndi njinga. Zitseko ndi mawindo a nyumba imene anamanga anazisiya, ngakhale ena ankawauza kuti azule. Anati ana agona momwemo. Ndinawaperekeza pa lole ya Mmwenye wina yopita ku Fort Manning, ine ndi kutsikira pa Mwami. Pa nthawiyo panali kanyumba kamodzi ndi mtengo wopingasa pa msewu, ndipo msilikali anangoyang'ana m'lolemo ndi kukweza mtengowo. Ana awiri aja sitinawatenge. Mlongo wanga anati akafika nawo pa Mwami sadzatha kuwatsitsa.

Shedi ija inagwira nyengo ziwiri zokha pambuyo pake. Anthu awiri amene alamu anawaphunzitsa ankayesetsa, koma mabelo ankabwezedwa kuti muli masamba osakanikirana, ndipo alimi otsalawo anali ochepa kale. Itatsekedwa, ana a dziko lino tonse tinatuluka pa geti limodzi, ine ndi iwo. Amene tinakhala mu holo muja palibe anapeza ntchito ya Mnyasa naikhalitsa, kupatula awiri kapena atatu a m'maofesi. Ine ndinapita ku Lusaka kukalowa ntchito ya nyuzipepala, ndipo ku Chiparamba ndinkabwera pa tchuthi.

Chitaganya chinatha monga ankanenera, maiko nalandira ufulu, lililonse ndi mbendera yake. Pa Mwami anamanga maofesi mbali zonse ziwiri. Mtsikana atamaliza sukulu, amayi anali atagwa matenda a miyendo, osatha kudzuka okha, ndipo nkhani yokhalanso pansi ija palibe anaiyambitsa. Alamu analemba kalata kawiri kukumbutsa. Yoyamba ndinayankha kuti tidikire amayi apeze bwino. Yachiwiri ndinaisunga m'jekete mpaka inathetheka m'mapindo. Kenaka panabukanso nkhani ya mapepala: anawo anabadwira kuno, bambo awo ndi a uko, ndipo kuti akakhale kumeneko pankafunika zikalata zimene ife a kumudzi sitinkadziwa poyambira. Kwa ine chimenechi chinali pothawira pabwino, ndipo ndinathawirapo.

Mlongo wanga ankabwera kamodzi pa chaka, podzera njira za m'tchire ngati amayi ena onse a m'malire, nakhala sabata ziwiri. Alamu sakanatha kutero. Anali munthu wa pa ntchito yolembedwa, wodziwika, ndipo ankaopa kugwidwa. Anabwera kamodzi kokha, mwalamulo, pa maliro a amayi, pamodzi ndi mlongo wanga, ali ndi pepala lodindidwa pa Mwami lowapatsa masiku owerengeka. Tsitsi linali litachita imvi, ndipo ankavala magalasi.

Maliro atatha, tsiku lachitatu m'mawa, tinawaikira mpando pa khonde la nyumba yawo yomwe. Mtsikana, amene tsopano anali ndi pathupi pa mwana wake woyamba, anawabweretsera madzi osamba m'manja atagwada, nawafunsa ngati tiyi amamwa wa shuga. Mnyamata anali atatalika kuposa ine. Anabwera, nagwada patali pang'ono, nawapatsa moni wa alendo: za ulendo, za kumene achokera, za mvula ya kumeneko. Alamu anayankha zonse bwinobwino. Kenako anamuuza kuti pa esiteti pali malo a wophunzira ntchito, ndipo ngati akufuna, iwo angathe kuyendetsa mapepala, zaka zawo zogwira zisanathe.

Mnyamatayo anatembenukira kwa ine.

"Amalume, mukuti bwanji?"

Ndinati zili kwa iye, ndi wamkulu tsopano. Iye anati dimba lilibe munthu wina, ndipo agogo anamusiyira iye ng'ombe ziwiri. Anapempha kuti apite akazitulutse m'khola, dzuwa lakwera. Anapempha kwa ine.

Alamu anamuyang'ana mpaka anakhota kuseri kwa khola. Anavula magalasi, nawapukuta ndi nsonga ya malaya, nandifunsa nthawi imene basi ya ku Mwami imadutsa pa msewu waukulu. Ndinawakumbutsa kuti pepala lawo likadali ndi masiku anayi. Anati akudziwa, ndipo anauza mlongo wanga kuti iye atsale amalize masiku ake ndi ana, iwo atsogola.